NCHITO IKATHA MALO AMATSALA: NANGA ADZAKHALA A YANI?

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa anchito m'komboni



Ndikuthokozani kuti mwafika ngakhale mwaweruka muli otopa. Ndidziwa kuti ambiri mudzalawira ku nchito m'mamawa, cotero sindidzakusungani mpaka usiku. Nkhani yanga madzulo ano ndi ya malo. Sindinena za minda ya kumudzi iai, ndinena za malo a m'tauni pamene panali fakitale, kapena mgodi, kapena yadi ya sitima, koma tsopano makina anazima, mpanda unagwa ndipo udzu wamera pakhomo. Tonse timawadziwa malo otere. Ena mwa inu munagwirapo nchito, ndipo mukamapita pambali pace mumayang'ana kumbali. Kampani ikatseka imanyamula makina ndi mabuku ace, koma nthaka siinyamulika. Tsiku lina kudzafika anthu ndi mapepala kudzayesa malowo, ndipo funso la tsikulo ndi ili: kodi zimene zidzamangidwa pano zidzakhala za yani?

Kuti tiyankhe bwino ndifuna kukutengani ku London, mzinda womwe uja kumene amadulira mtengo wa mkuwa wathu. Kumeneko nkhani iyi inacitika poyera, kwa anchito onga ife, ndipo inatha m'njira ziwiri zosiyana pa mtsinje umodzi. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

MADOKO NDI ANTHU ACE

London anamangidwa pa mtsinje waukulu wochedwa Thames. Kum'mawa kwa mzinda anakumba maiwe akulu-akulu okhala ndi zitseko, kuti zombo zocokera ku nyanja zizilowamo ndi kutsitsa katundu. Amenewa ndiwo madoko. West India Docks anatsegulidwa m'caka ca 1802, ndipo ena anatsatira mpaka doko lotsiriza, la King George V, m'caka ca 1921. Shuga, tiyi, fodya, matabwa, tirigu, nyama, ngakhale minyanga ya njobvu, zonsezi zinali kulowera pamenepo.

Mumve bwino m'mene anayambira. Pomanga St Katharine Docks, amene anatsegulidwa mu 1828, anagwetsa nyumba 1,250 ndi kucotsa anthu oposa 11,000. Eni nyumba analandira malipiro, koma osauka amene anali kukhalamo pa lendi anangouzidwa kuti acoke. Ndiye kuti kuyambira pa ciyambi malowo anatengedwa kwa amphawi.

Nchito ya pa doko inali yowawa. Munthu sanali kulembedwa mwezi kapena sabata. M'mawa uli wonse amuna anali kuunjikana pa cipata, kapitao nkuloza awa ndi awa, otsala nkubwerera kwao opanda kanthu. Inu amene munaimapo pa geti kufuna ganyu simufuna kuti ndikufotokozereni. M'caka ca 1889 analeka nchito onse pamodzi, motsogozedwa ndi Ben Tillett, Tom Mann ndi John Burns, nafunsa sikisipensi pa ola, ndiye kuti makobiri 6 m'malo mwa 5. Anapirira njala masabata 5, anchito anzao a ku Australia anawatumizira ndalama zokwana ngati £30,000, ndipo anapambana. Cigwirizano cao cinabadwa pamenepo. Pa nkhondo yaciwiri, kuyambira pa 7 September 1940, ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa madoko ndi pa nyumba za anchito, koma nchito siinaime. M'caka ca 1964 katundu wopita pa doko la London anapitirira matani 60 miliyoni. Ndani akanaganiza kuti mapeto ali pafupi?

Cimene cinapha madoko ndi bokosi la citsulo, lomwe lija timaona pa malole ndi pa sitima, kontena. Kale katundu anali kutsitsidwa ndi manja, thumba limodzi-limodzi, ndipo combo cimodzi cinali kudya masiku ambiri ndi amuna ambiri. Ndi makontena anthu owerengeka ndi makina atha nchitoyo msanga. Ndiponso zombo zatsopano zinali zazikulu, zosatha kukwera mtsinje mpaka m'kati mwa mzinda. Malonda anasamukira ku Tilbury, kumunsi kwa mtsinje, ndi ku Felixstowe, m'mbali mwa nyanja. East India Docks anatsekedwa mu 1967, St Katharine mu 1968, Surrey Docks mu 1970, West India ndi Millwall mu 1980, ndipo Royal Docks mu 1981. Zaka 14 cabe, zonse zii. Mafakitale amene anali kudalira madoko anatsatira, ndi magolosale, ndi okonza zombo. Anthu zikwi zambiri anasanduka malova pakhomo pao.

BUNGWE LOSASANKHIDWA

Panatsala malo a maekala oposa 5,000, pafupi ndi pakati pa mzinda wolemera, m'mbali mwa madzi. Panali kukhalabe anthu ngati 40,000, ndipo nyumba 8 mwa 10 zinali za khonsolo, za lendi. Makhonsolo atatu amene anali kuyang'anira cigawoco, Tower Hamlets, Newham ndi Southwark, anali ndi mapulani ao a nyumba za lendi ndi mafakitale, koma analibe ndalama zokwanira ndipo zinthu zinali kuyenda pang'ono-pang'ono.

M'caka ca 1981 boma la Mai Margaret Thatcher, kupyolera mwa nduna Michael Heseltine, linaimika bungwe lochedwa London Docklands Development Corporation. Apa ndi pamene pagona nkhani. Akulu a bungweli sanasankhidwe ndi anthu, anaikidwa ndi nduna. Mphamvu yololeza kapena kukaniza comanga inacotsedwa m'manja mwa makhansala osankhidwa niperekedwa kwa iwo. Anapatsidwanso mphamvu yotenga malo a madoko ndi a makhonsolo, kuwakonza ndi ndalama za boma, ndi kuwagulitsa kwa amalonda. Munthu wa pa Isle of Dogs, cilumba ca pakati pa madokowo, akadandaula kwa khansala wace, khansalayo analibe conena. Kodi mudzamcotsa bwanji pa mpando munthu amene simunamuikepo?

M'caka ca 1982 anawonjeza cina. Analengeza kuti mbali ya Isle of Dogs idzakhala malo a padera a malonda: kampani yomanga pamenepo siidzalipira msonkho wa malo kwa zaka 10, ndalama zomangira idzazicotsa pa msonkho wace, ndipo cilolezo comangira sicidzabvuta. Nyambo yotere nsomba zazikulu siziileka. Kampani ya ku Canada, Olympia & York, inatenga malo ochedwa Canary Wharf, pamene kale anali kutsitsira zipatso za ku zilumba za Canary, niyamba kumanga mu 1988. M'caka ca 1991 inatsiriza nyumba ya nsanjika 50, yotalika mamita 235, yoposa zonse m'dziko la Britain pa nthawiyo. Caka cotsatira, 1992, kampaniyo inagwa ndi ngongole cifukwa maofesi ambiri analibe olowamo. Cimene cinathandiza kwambiri kuwadzutsa malowo ndi njanji ya pansi pa nthaka, Jubilee Line, imene inafika mu 1999. Inadya ndalama zoposa £3,000 miliyoni, pamene eni ace a Canary Wharf analonjeza kuikapo £400 miliyoni. Zotsalazo zinacokera kuti? M'thumba la anthu onse.

Abale, sindinabwere kudzanama. Bungwelo linagwira nchito yooneka ndi maso. Pamene linatsekedwa mu 1998 linawerenga kuti ndalama za boma zokwana £1,860 miliyoni zinakoka za amalonda zokwana £7,700 miliyoni. Nyumba zoposa 24,000 zinamangidwa. Anthu okhala m'cigawoco anaculuka kawiri, ndipo ogwira nchito pamenepo anafika 85,000. Kanjanji ka Docklands Light Railway ndi bwalo la ndege la London City zinatsegulidwa mu 1987. Pamene panali dzimbiri ndi matope panaima mabanki a dziko lonse lapansi. Amene anena kuti palibe cinacitika ndi wabodza.

Koma tiyeni tifunse funso lathu lija. Nchito zatsopanozo zinali za yani? Zambiri sizinabadwe pamenepo, zinangosamuka kucokera ku mbali zina za London pamodzi ndi eni ace. Nyuzipepala zazikulu ndi mabanki zinabwera ndi akalaliki ao, ofika m'mawa pa sitima ndi kubwerera madzulo. Bambo wa zaka 50 amene moyo wace wonse anasenza matumba sakanalembedwa m'banki, ndipo mwana wace sanakonzekeretsedwe ku sukulu kuti alowemo. Nanga nyumba? Zambiri mwa 24,000 zija zinali zogulitsa, ndipo mitengo inakwera msanga kufikira pamene mwana wobadwira pomwepo sakanaifika. Anali kuona nyumba zatsopano m'mbali mwa madzi, za mipanda ndi alonda, iye ali kudikira dzina lace pa mndandanda wa khonsolo. Kwa zaka zambiri pambuyo pace Tower Hamlets, khonsolo yomwe muli Canary Wharf, inali pakati pa malo oyamba m'dziko lonse pa kuculuka kwa ana a m'mabanja osauka. Cuma ndi umphawi zinali kuyang'anana pa msewu umodzi.

SANAKHALE CETE

Musaganize kuti anthu a kumadoko anapinda manja. Anali ndi mbiri yao. Kale mu March 1970, atatopa ndi kusowa masukulu, mabasi ndi masitolo, anthu a pa Isle of Dogs motsogozedwa ndi khansala wao Ted Johns anatseka milatho yolowera pa cilumbaco nalengeza kuti adzilamulira okha. Zinatha patapita masiku ocepa, koma dziko lonse linamva dzina lao. M'zaka za m'ma 1970 anakananso kuti pamangidwe nyumba za nsanjika pa cidikha cochedwa Mudchute, pamene kale anali kutayira matope a m'doko, ndipo mu 1977 anapasandutsa paki ndi khola la ziweto la anthu onse.

Bungwe lija litafika anamenyanso. M'caka ca 1983 anthu a ku Newham analemba pulani yao-yao ya Royal Docks, atayenda kufunsa anzao zimene afuna: nyumba za lendi zokhala ndi mabwalo, malo okonzera zombo ndi osungira katundu, ndi kosiya ana amai akapita ku nchito. Boma linasankha bwalo la ndege. Kuyambira 1984 anali kudzaza mabwato ndi mbendera kukwera mtsinje mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Mu 1986, pa mwambo wa akulu-akulu a mabanki pa Canary Wharf, anamasula nkhosa za ku Mudchute pakati pa mipando ya alendo, kenaka njuci. Mungaseke, ndipo anthu anasekadi. Phokoso lonseli silinapite pacabe, cifukwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwelo linapangana ndi makhonsolo kuti liikeko ndalama ku nyumba za lendi, masukulu ndi maphunziro a nchito. Koma pofika nthawiyo malo abwino anali atagulitsidwa kale. Anapambana zinyenyeswa, mkate unali utapita.

Ndipo onani m'mene mbiri ibwerera. Usiku, akalaliki atapita, m'nsanjika zija munali kulowa anthu osesa, ambiri a iwo ocokera ku Africa ndi maiko ena, olandira malipiro osakwana kudyetsa banja m'London. M'caka ca 2001 machalichi, mizikiti, masukulu ndi nthambi za zigwirizano za anchito za kum'mawa kwa London zinagwirana manja kufunsa malipiro okwanira moyo. Mu 2003 wosesa mmodzi anaimirira pa msonkhano wa eni ace a banki ina yaikulu nauza wa pa mpando pamaso za malipiro ace. M'caka ca 2005 meya wa London, Ken Livingstone, analengeza mlingo woyamba wa malipiro otere, £6.70 pa ola. Pa nthaka yomweyo pamene anamenyera sikisipensi mu 1889, anchito anayambanso kumenya nkhondo yomweyo patapita zaka zoposa 100.

NJIRA YACIWIRI: COIN STREET

Tsopano tikwere mtsinje womwewo mailosi ocepa kunka kumadzulo, tifike pa malo ochedwa Coin Street, tsidya la kum'mwera, pakati pa milatho ya Waterloo ndi Blackfriars. Pamenepanso panali nyumba zosungiramo katundu ndi mafakitale, ndipo zitatsekedwa panatsala maekala 13 a mabwinja. Mabanja anali kucoka, masukulu ndi masitolo kutsekedwa. Amalonda anabwera ndi pulani ya maofesi akulu ndi hotela, zimene zikanachinga mtsinje kwa anthu okhala kumbuyo.

Anthu a pamenepo anapanga komiti yao mu 1977. Cimene anacita mosiyana ndi ici: sanangonena kuti sitifuna. Anajambula pulani yao, ya nyumba, paki, njira ya m'mbali mwa mtsinje ndi malo a nchito zazing'ono, naipereka kwa boma monga momwe amalonda anaperekera yao. Kawiri konse boma linaitanitsa bwalo lomvera mbali zonse, ndipo kawiri konse anthu wamba anakhala pamenepo miyezi, kuyankhana ndi maloya a makampani. Zinatenga zaka 7. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Anali ndi bwenzi lamphamvu, khonsolo yaikulu ya London yonse, Greater London Council, imene inali ndi gawo la malowo. M'caka ca 1984 amalonda anatopa nagulitsa gawo lao kwa khonsoloyo, ndipo khonsolo inagulitsa maekala onse 13 kwa kampani ya anthu a pamalopo, Coin Street Community Builders, pa mtengo wa £1 miliyoni, italemba m'cikalata zimene malowo ayenera kugwira. Taonani kufunika kwa nthawi: patangopita zaka ziwiri, mu 1986, boma linathetsa khonsolo yaikuluyo. Akanacedwa pang'ono, khomo likanatsekeka.

Anacita nao ciani malowo? Kampani yao anaipanga motere, kuti membala akhale munthu wokhala m'deralo, ndipo phindu lisagawidwe m'matumba koma libwerere pa malo. Nyumba anazimanga m'makopaletivi anai: Mulberry mu 1988, Palm mu 1994, Redwood mu 1995 ndi Iroko mu 2001, zonse pamodzi nyumba 220 za lendi yotsika. Okhalamo ndiwo aziyendetsa, kusankha komiti ndi kuyang'anira zokonza, koma palibe mmodzi angagule nyumba yace ndi kuigulitsa kwa wolemera. Ici ndico cinsinsi cace, pakuti nyumba yosagulitsika ikhalabe ya wanchito ngakhale mitengo ya pozungulira ikwere kufika kumwamba. Ndipo sanadane ndi malonda. Nyumba yakale yosungiramo nyama, Oxo Tower, anaikonza niitsegulidwa mu 1996: pansi mashopu a amisiri, pakati nyumba za kopaletivi, pamwamba malo odyera a anthu a ndalama. Lendi ya amalondawo ithandiza kusamala paki ndi njira ya m'mbali mwa mtsinje, imene ali yense ayendamo ulere. Wolemera akadya pamwamba, ndalama yace igwira nchito pansi.

Sindikuuzani kuti Coin Street ndi paradaiso. Nyumba 220 nzocepa poyerekeza ndi 24,000, zinatenga zaka zambiri kumanga, ndipo ofuna nyumba ndi oculuka koposa. Koma kusiyana kwace kuli poyera. Kumadoko anthu anafunsidwa maganizo malo atapita kale. Pa Coin Street anagwira cikalata ca malo, ndipo wogwira cikalata sapempha, amalamula.

ZOBISIKA M'NTHAKA

Pali cinthu cina cimene sindingasiye, cifukwa cikhudza ana athu. Malo a mafakitale sakhala oyera. Mafuta, phula, mtobvu ndi mankhwala zimalowa pansi ndi kukhala momwemo zaka zambiri eni ace atapita. Pokonzekera masewera a Olympic a 2012 ku Stratford, kum'mawa kwa London komweko, pamene panali mayadi a sitima ndi mafakitale a mankhwala, anakumba dothi lokwana ngati matani 2 miliyoni ndi kulitsuka ndi makina asanamange kanthu. Analipira ndi boma, osati amene anaononga. Ndipo pomwepo nyumba za Clays Lane, mokhala anthu oposa 400, zinagwetsedwa mu 2007 kuti masewera apeze malo. Ngakhale pa nchito yabwino, wosauka ndiye ayamba kusuntha.

Ife za ululu wa m'nthaka sitifuna kuphunzira kwa Azungu. Mgodi wa ku Kabwe, umene akulu audziwa ndi dzina la Broken Hill, unakumba mtobvu zaka pafupi-fupi 90 nutsekedwa mu 1994. Mgodi unatseka koma pfumbi linatsala, ndipo madokotala anapeza mtobvu woculuka m'magazi a ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Mtobvu suoneka, sununkha, koma umaononga ubongo wa mwana. Cotero munthu akadza kwa inu nati pa fakitale yakale paja tidula mapuloti, musathamangire kulipira. Yambani mwafunsa cimene cinali kupangidwa pamenepo, ndi amene anapima dothi ndi madzi a m'zitsime. Safunsa anadya phula.

ZOYENERA KUCITA

Nanga ife titengepo ciani? Ndiri ndi zinthu zinai, ndipo ndipempha alembi a nthambi azilembe.

Coyamba, dziwani mwini malo lero, udzu ukali kumera. M'dziko lathu lamulo la malo la 1995 linena kuti nthaka yonse iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo kampani imangobwereka, kawiri-kawiri kwa zaka 99. Ndiye kuti pali cikalata, ciri ndi dzina, tsiku ndi nchito imene malowo anaperekedwera. Tumani anthu awiri kapena atatu ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo akafunse. Ndi ufulu wanu kudziwa.

Caciwiri, funsani amene adzagamula. Ngati ndi khansala, mudziwa pomupeza ndipo mudziwa tsiku la cisankho. Mukamva kuti kwapangidwa bungwe la padera lofulumiza citukuko, musakane msanga, koma funsani kuti muli anthu angati a m'komboni ndipo anawasankha ndani. Kufulumira kumene kucotsa mau anu nkofulumira kwa ena.

Cacitatu, khalani ndi pulani yanu. Pakati panu pali omanga, akalipentala, okoka magetsi, amai a pamsika, aphunzitsi. Mudziwa pamene madzi amaima nthawi ya dzinja ndi pamene ana amaoloka msewu. Khalani pansi mulembe: nyumba zingati, za lendi yotani, msika pati, cipatala pati, mashedi a amisiri pati. Wongokana amachedwa mdani wa citukuko, koma wobwera ndi pepala lace amakhala pa tebulo.

Cacinai, malonjezo alembedwe malo asanaperekedwe. Akati padzakhala nchito, funsani kuti zingati, za mtundu wanji, za miyezi yomanga yokha kapena zokhalitsa, ndipo ana athu adzaphunzitsidwa liti kuti azigwire. Akati padzakhala nyumba zochipa, funsani kuti zochipa kwa yani, kwa wolandira malipiro onga anu kapena kwa wa kumayadi. Akapempha kuti asalipire msonkho, kumbukani kuti msonkho wosalipidwawo ndi mankhwala amene sadzafika ku kiliniki yanu, cotero muli ndi mau pa zimene adzabweza. Lonjezo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Madzi akatayika saoleka, ndipo malo a m'tauni akagulitsidwa sabwera.

Abale anga, sindinena kuti mabwinja akhale mabwinja. Palibe wanchito akondwa kuona mpanda wakugwa ndi njoka pamene panali kulira belu la nchito. Tifuna kuti pamangidwe, ndipo amalonda ali ndi malo ao pa nchitoyo. Koma malo amenewo anapeza mtengo cifukwa ca thukuta la anthu amene anagwirapo nchito, ndi cifukwa ca misewu, njanji ndi mipope zimene tonse tinalipira. Amuna a kumadoko a London anali olimba, anali ndi cigwirizano camphamvu pa za malipiro, koma za nthaka anazizindikira mocedwa. Anthu a pa Coin Street anali ocepa, koma anayamba msanga ndipo sanabalalike zaka 7. Mutu umodzi susenza denga.

Mawa popita ku nchito, mukafika pa malo aja, musayang'anenso kumbali. Imani pang'ono, muwerenge cikwangwani ngati cilipo, ndipo pa msonkhano wotsatira mubwere ndi dzina la mwini wace. Tiyambire pamenepo.